Sir Alec Douglas-Home: Nduna Yaikulu ya Masiku 363

Ulendo uno ndati ndikutapireniko mbiri ya munthu amene dzina lake silimveka kawirikawiri, ngakhale pakati pa ife amene tidalimbana ndi phunziro la mbiri yakale mpaka ku Fomu 4. Mukafunsa anthu kuti nduna yaikulu ya dziko la Britain idali yani pamene mbendera yathu inkakwezedwa pa 6 Julayi 1964, ambiri amati Harold Macmillan, ena amati Harold Wilson. Onsewa amaphonya. Pampandopo padali Sir Alec Douglas-Home, mkulu wina wochepa thupi ndi waulemu wa ku Scotland, amene adalamulira masiku 363 okha. Dzina lake lomalizalo eni ake amalitchula kuti Hyumu, ngakhale kalembedwe kake kamanena zina. Chimene chandikopa ine pa mbiri yake ndi chakuti adapatsidwa chipani cha Conservative pa nthawi imene otsatira ake adali atataya kale mtima, akungowerenga miyezi kuti chisankho chifike agonje, koma iye adatsala pang'onong'ono kuwachititsa manyazi onse amene adali atamukumbira kale manda.

Alexander Frederick Douglas-Home adabadwa pa 2 Julayi 1903 mu mzinda wa London, ndipo adali woyamba pa ana 7. Banja lake lidali la mafumu a kumalire a Scotland ndi England, eni minda ikuluikulu, ndipo nyumba yawo yotchedwa The Hirsel ili pafupi ndi tauni ya Coldstream, kufupi ndi mtsinje wa Tweed. Bambo wake adalowa ufumu wa Earl of Home m'chaka cha 1918, ndipo kuyambira pamenepo mnyamatayo ankadziwika ndi dzina la Lord Dunglass, limene limapatsidwa kwa mlowam'malo. Uyu adali mwana wobadwira pa nkhokwe yodzaza, njala ankangoimva kwa anzake.

Adaphunzira pa sukulu ya Eton, kenaka ku Christ Church pa yunivesite ya Oxford, kumene adatenga digiri ya mbiri yakale m'chaka cha 1925. Sadakhoze mochititsa kaso ayi, adatuluka pa gulu lachitatu, poti mtima wake udali ku bwalo la masewero a kiriketi. Masewerowo adawadziwadi, moti adasewerapo mu timu ya Middlesex, ndipo mpaka pano palibe nduna yaikulu ina ya Britain imene idafikapo pa mlingo umenewo pa kiriketi. Anzathu amene munkathawa mapulepu chifukwa cha mpira, apa mwapeza mbale wanu.

Ndale adaziyamba ndi kugwa. M'chaka cha 1929 adaimira chipani chake ku Coatbridge, dera la anthu ogwira ntchito m'migodi ndi m'mafakitale a zitsulo, ndipo adamukana. Mu 1931 adapambana ku Lanark nalowa m'nyumba ya malamulo ya Commons. Mu 1936 adakwatira Elizabeth Alington, mwana wa mphunzitsi wamkulu wa ku Eton komwe kuja, ndipo chaka chomwecho adakhala mthandizi wa Neville Chamberlain, amene adakhala nduna yaikulu mu 1937. Ndi chifukwa chake Dunglass adali nawo pa ulendo wa ku Munich mu Sepitembala 1938, pamene Chamberlain adalola Adolf Hitler kutenga chigawo china cha dziko la Czechoslovakia poganiza kuti akugula mtendere. Ambiri amene adakhudzidwa ndi ulendowo adadzaukana pambuyo pake ngati mwana wapathengo. Iye sadaukane, ndipo mpaka ukalamba ankaumirira kuti Britain sidali yokonzeka kumenya nkhondo chaka chimenecho.

Nkhondo itayamba adafuna kulowa usilikali, koma madokotala pomuyeza mu 1940 adapeza kuti TB idali itamudya fupa la msana. Adamuchita opaleshoni yoopsa, namuika m'chikhakha cha pulasitala, ndipo adagona chagada pafupifupi zaka ziwiri. Munthu amene ku Oxford mabuku ankawaona ngati chilango, pa bedi pamenepo adawerenga ngati wolodzedwa, makamaka zolemba za Marx, Engels ndi Lenin. Adadzuka ali mdani wa chikomyunizimu wodziwa chimene akudana nacho. Atabwerera ku nyumba ya malamulo, mu Febuluwale 1945 adaimirira nadzudzula pangano la ku Yalta chifukwa chopereka dziko la Poland m'manja mwa Stalin, ndipo adachita izi Winston Churchill, mtsogoleri wake yemwe, ali pampando. Ine ndimaona kuti zaka ziwiri za chikhakha zija ndizo zidamuumba munthuyu kuposa Eton ndi Oxford kuphatikiza.

Kugonja kwa chipani chonse adakulawa mu Julayi 1945, pamene chipani cha Labour chidasesa dziko ndipo iye adataya mpando wake wa Lanark. Adautenganso mu 1950 ndi mavoti ochepa, koma mu 1951 bambo wake adamwalira, iye nakhala Earl of Home wa nambala 14. Malamulo a nthawi imeneyo sankalola mfumu yotere kukhala m'nyumba ya Commons, choncho adasamukira ku nyumba ya Lords, kumene anthu ambiri ankalowako mwa magazi osati mwa mavoti. Aliyense adaona ngati njira yake yopita pamwamba yatsekeka, poti kuyambira pamene Lord Salisbury adatula pansi udindo mu 1902 padalibe nduna yaikulu imene idalamulira ili ku Lords.

Tsono apa ndi pamene mbiri yake ikukumana ndi yathu. Kuyambira 1955 mpaka 1960 Home adali nduna yoona za ubale wa maiko a Commonwealth. Ofesi yakeyo ndiyo inkayang'anira boma la Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland komanso la Southern Rhodesia, pamene Nyasaland ndi Northern Rhodesia zidali pansi pa unduna wina, woona za maiko a atsamunda. Nyumba imodzi idali ndi eni awiri, ndipo mikangano sikadalephera. Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage adalengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti, Dr Hastings Kamuzu Banda adamangidwa napititsidwa ku ndende ya Gwelo, kumene lero ndi Gweru, ndipo anthu athu pafupifupi 50 adaphedwa, ena mwa iwo pa doko la Nkhata Bay. Mu Okutobala chaka chomwecho Iain Macleod adakhala nduna ya maiko a atsamunda, ndipo sadachedwe kuona kuti popanda Dr Banda panalibe woti n'kukambirana naye.

Home sadagwirizane ndi changu chimenechi. Ankaopa kuti kutulutsa Dr Banda msanga kukwiyitsa Sir Roy Welensky ndi azungu a ku Salisbury, ndipo Chitaganya, chimene iye ankakhulupirira kuti chingathe kukonzedwa pang'onopang'ono, chiphwasuka. Macleod adafika poopseza kuti atula pansi udindo akapanda kuloledwa. Dr Banda adatuluka pa 1 Epulo 1960, ndipo chipolowe chimene anthu ankalosera sichidachitike. Sindibisa mawu, pa nkhani imeneyi Home adali kumbali yolakwika. Sadali munthu wankhanza, koma khutu lake linkamva msanga madandaulo a mlimi wachizungu kuposa kulira kwa mudzi wonse wa anthu akuda, ndipo kudekha kumene iye ankakutcha nzeru kudali kopepuka kwa munthu amene sadali m'ndende.

Mu Julayi 1960 Macmillan adamusankha kukhala nduna ya zakunja, ndipo anyuzipepa adafuula kuti udindo waukulu chotero waperekedwa kwa munthu wosasankhidwa ndi anthu. Ntchitoyo adaigwira bwino. Pa 5 Ogasiti 1963 ndi iye amene adasaina ku Moscow, pamodzi ndi Dean Rusk wa ku America ndi Andrei Gromyko wa ku Soviet Union, pangano loletsa kuyesa mabomba a nyukiliya mumlengalenga ndi m'madzi.

Koma kunja kukuyenda chotero, kumudzi nyumba idali ikupsa. Chipani cha Conservative chidalowa m'boma mu 1951, chidapambananso mu 1955, ndipo mu 1959 chidapeza mipando 365 pamene Labour idapeza 258. Otsatira ake adafika poganiza kuti boma ndi lawo mwa chibadwidwe. Zinthu zidayamba kusokonekera mu 1961 pamene boma lidaimitsa kukweza malipiro, ndipo oyamba kulira adali aphunzitsi ndi anamwino. Mu Malichi 1962 kudachitika chisankho chapadera ku Orpington, dera la anthu opeza bwino kufupi ndi London, kumene chipanichi chidapambana mu 1959 ndi mavoti oposa 14,000 pamwamba pa wotsatira. Mpandowo udatengedwa ndi Eric Lubbock wa chipani chaching'ono cha Liberal, ndipo adautenga ndi mavoti oposa 7,000 pamwamba. Ngati Orpington yagwa, nanga ndi pati pamene padali potetezeka? Macmillan adachita mantha, ndipo mu Julayi adachotsa nduna 7 nthawi imodzi, zimene zidangoonetsera dziko kuti mwini nyumba wasokonezeka mutu.

Chaka cha 1963 chidabwera ndi mikwingwirima yotsatizana. Mu Januwale Pulezidenti Charles de Gaulle wa ku France adatsekera Britain pakhomo la msika wa maiko a ku Ulaya, ndipo mwezi womwewo kazitape Kim Philby adathawira ku Moscow. Chisanu cha chaka chimenecho chidali choopsa, ndipo anthu osowa ntchito adapitirira 800,000. Mu Malichi lipoti la Dr Richard Beeching lidati masiteshoni a sitima oposa 2,000 atsekedwe, ambiri a iwo kumidzi kumene anthu ankavotera Conservative chibadwire. Mu Juni nduna ya zankhondo John Profumo idatula pansi udindo itavomera kuti idanamiza nyumba ya malamulo pa nkhani ya chibwenzi chake ndi mtsikana wina amene ankadziwananso ndi mkulu wa asilikali wa ku ofesi ya kazembe wa Soviet Union. Kwa chipani chimene chinkadzitama ndi ulemu, banja ndi tchalitchi, nkhani imeneyi idali ngati kuvulidwa pamsika.

Tiyeni tilowe pang'ono mumtima mwa wovota wa Conservative wa masiku amenewo, kaya mwini kagolosale, kaya mlimi, kaya msilikali wopuma ntchito. Ankaopa kuti Labour ikalowa ilandanso mafakitale a zitsulo kuti akhale a boma, ikweza misonkho, ithetsa sukulu zosankha ana anzeru zimene ankanyadira, ndipo itaya mabomba a nyukiliya amene ankapatsa Britain mpando pakati pa maiko amphamvu. Ankaonanso ufumu wa atsamunda ukusungunuka ngati mchere m'madzi, ndipo ukusungunuka m'manja mwa chipani chake chomwe, moti ena okwiya adayambitsa gulu la Monday Club mu 1961 pofuna kutsutsa mfundo za boma pa nkhani za Africa. Chowawa kwambiri chidali chakuti mdani adali atapeza mtsogoleri woopsa. Hugh Gaitskell atamwalira mu Januwale 1963, Labour idasankha Harold Wilson, wa zaka 46, mwana wa munthu wamba wa ku Huddersfield, katswiri wa zachuma ndiponso wakuthwa pakamwa. Kafukufuku wa maganizo a anthu ankaonetsa Labour ili patsogolo ndi mapointi oposa 10. Funso m'makalabu a chipani silidalinso lakuti tipambana kodi, koma lakuti tigonja ndi mipando ingati.

Mu Okutobala 1963, msonkhano waukulu wa chipani uli pafupi kuyamba ku Blackpool, Macmillan adadwala mwadzidzidzi nagonekedwa m'chipatala. Kalata yake yolengeza kuti achoka idawerengedwa pamsonkhanopo ndi Home, amene chaka chimenecho adali pulezidenti wa bungwe la nthambi za chipani. Msonkhano udasanduka msika. Lord Hailsham adalengeza usiku womwewo kuti ataya ufumu wake kuti apikisane nawo, poti lamulo latsopano la mu Julayi 1963, limene lidabwera chifukwa cha khama la Tony Benn wa Labour, lidayamba kulola zimenezi. Padalinso Reginald Maudling, nduna ya zachuma, komanso R. A. Butler, amene ambiri ankamuona ngati mwini wake weniweni wa mpandowo. Butler ameneyu tiyenera kumukumbukira, chifukwa ndi iye amene mu Disembala 1962 adalengeza kuti Nyasaland iloledwa kutuluka m'Chitaganya.

Masiku amenewo chipanichi sichinkavotera mtsogoleri. Akuluakulu ankangofunsana kuseri, dzina n'kutulukira lokha ngati bowa. Macmillan, ali pabedi, adatuma anthu ake kukamva maganizo a nduna, aphungu ndi akuluakulu a m'zigawo, ndipo adauza Mfumukazi Elizabeth kuti Home ndiye adali ndi adani ochepa. Taonani muyeso wake, anzanga: sadafune wokondedwa ndi ambiri, koma wodedwa ndi ochepa. Pa 18 Okutobala Mfumukazi idaitana Home, ndipo iye adapempha kuti ayambe waona ngati anzake angalole kugwira naye ntchito. Butler akadakana, zonse zikadathera pomwepo. Koma Butler adalola, ndipo pa 19 Okutobala Home adakhala nduna yaikulu. Awiri okha ndiwo adakana kulowa m'boma lake, Enoch Powell ndi Iain Macleod, yemwe uja adalimbana naye pa nkhani ya Dr Banda.

Mu Januwale 1964 Macleod adalemba nkhani m'magazini ya The Spectator yonena kuti chisankho chonsecho chidaphikidwa ndi kagulu ka anthu ochepa, ndipo pafupifupi onsewo adaphunzira ku Eton. Apa ife a bungwe la ophunzira akale tisaseke mokweza kwambiri, paja nafenso timadziwa kukondera mnzathu wa m'hositelo imodzi. Koma nkhaniyo idapweteka chipani kwambiri, chifukwa idatsimikizira anthu zimene Wilson ankanena tsiku ndi tsiku, kuti dziko likuyendetsedwa ngati munda wa banja limodzi.

Home adataya ufumu wake pa 23 Okutobala, nayamba kutchedwa Sir Alec Douglas-Home, ndipo kwa masabata awiri Britain idali ndi nduna yaikulu yosakhala m'nyumba iliyonse ya malamulo. Adapambana chisankho chapadera ku Kinross and West Perthshire pa 7 Novembala, koma tsiku lomwelo chipani chake chidataya mpando wa Luton kwa Labour.

Poyamba zidaoneka ngati chipani chadzikolowekera chingwe chokha. Wilson ankamunyoza kuti ndi mfumu ya nambala 14 yochokera m'nthawi yamakedzana, ngakhale Home adamubwezera mwanthabwala kuti nayenso Wilson, tikawerenga makolo ake, ayenera kuti ndi wa nambala 14 pa mtundu wa a Wilson. Mu 1962 adali atauza mtolankhani wina kuti akamawerenga zikalata za zachuma amagwiritsa ntchito timitengo ta machesi kuti amvetse, ndipo nthabwala imeneyi adani ake sadaiiwale. Wailesi ya kanema nayo sidamukonde. Nkhope yake idali yowonda, magalasi ake ankakhala kunsonga ya mphuno, ndipo iye mwini adadzasimba kuti mayi wina womudzoza zodzoladzola asadaonekere pa kanema adamuuza kuti palibe chimene angachite chifukwa mutu wake udali ngati chigaza. Akuluakulu amati ukaipa dziwa nyimbo. Nyimbo ya Home idali kunena zoona mosazungulira ndi kusadzitukumula, ndipo pang'onopang'ono anthu, makamaka a kumidzi ndi m'matauni ang'onoang'ono, adayamba kuimvera.

Chinthu chimodzi chimene boma lake lidachita chimandidabwitsa mpaka lero. Ku Britain kudali mwambo wolola opanga katundu kuikiratu mtengo umene sitolo iliyonse, yaikulu kapena yaing'ono, iyenera kugulitsira. Edward Heath, nduna ya zamalonda, adaumirira kuti mwambowu uthe kuti mitengo itsike, ndipo Home adamuikira kumbuyo. Komatu amene ankatetezedwa ndi mwambowo adali eni timasitolo ting'onoting'ono, msana weniweni wa chipani cha Conservative, amene ankadziwa kuti masitolo akuluakulu awameza. Aphungu a chipani adagalukira, ndipo mu Malichi 1964, pa mfundo yokhudza mankhwala, boma lidapulumuka ndi voti imodzi yokha. Lamulolo lidali labwino kwa ogula. Koma kulibweretsa miyezi yochepa chisankho chisadachitike kudali kupsetsa mtima anthu ako omwe pa nthawi imene ukuwafuna kwambiri.

Mu Epulo Labour idapambana chisankho cha khonsolo yaikulu ya London, ndipo nkhawa idakula. Ena adamulangiza kuti aitanitse chisankho mu Juni zinthu zisadaipiretu, koma iye adasankha kudikira mpaka Okutobala, kumapeto kwenikweni kwa nthawi imene malamulo ankalola. Apa adaganiza bwino. Maudling adali atamasula chuma, ntchito zidachuluka, ndalama zidayamba kuoneka m'matumba, ngakhale dziko linkagula kunja zambiri kuposa zimene linkagulitsa, ngongole imene idadzagwera Wilson. Nkhani ya Profumo idayamba kuiwalika. Pofika Sepitembala mpata uja wa mapointi oposa 10 udali utatsala wochepa kwambiri, ndipo anthu amene adali atapachika kale makasu adayambanso kuyenda khomo ndi khomo.

M'miyezi yomweyi ndi mmene Chitaganya chidaikidwa m'manda pa 31 Disembala 1963, ndipo munthu amene adayesetsa kuchisunga ndiye adali pampando pochiika. Malawi idalandira ufulu pa 6 Julayi 1964, ndipo patangopita masiku awiri msonkhano wa atsogoleri a Commonwealth udatsegulidwa ku London, Home ali wapampando, Dr Banda ali mmodzi wa atsogoleri okhala pa tebulo lomwelo. Pamsonkhano umenewo ndi pamene adagwirizana zokhazikitsa ofesi ya mlembi wamkulu wa Commonwealth, imene idayamba ntchito mu 1965. Mu Sepitembala Ian Smith adafika ku London kudzapempha ufulu wa Southern Rhodesia pansi pa ulamuliro wa azungu. Home adakana kuupereka popanda umboni wakuti anthu onse a m'dzikomo akuvomereza, ngakhale ambiri m'chipani chake ankamvera chisoni Smith ndipo chisankho chidali pakhomo. Pamenepa ndimamupatsa ulemu wake.

Adachitanso china chimene atsogoleri ochepa angachite. Podziwa kuti angathe kugonja, adalola kuti akuluakulu a chipani chotsutsa akumane ndi alembi akuluakulu a maunduna chisankho chisadachitike, kuti akalowa m'boma asadzayambe ndi kufufuza makiyi. Mwambo umenewu udakhazikika ku Britain, ndipo umatchedwa ndi dzina lake.

Pa kampeni adatsamira kwambiri pa nkhani ya mabomba a nyukiliya, imene ankaidziwa bwino, pamene Wilson ankalankhula za sayansi, nyumba ndi zaka 13 zimene ankati zidatayidwa. Home ankakonda misonkhano ya pabwalo, koma kumeneko ndi kumene adapwetekera. Pa 8 Okutobala ku Birmingham gulu la anthu lidamukuwiza kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo dziko lonse lidaona pa kanema nduna yaikulu ikulephera kumveka. Iye mwini adadzanena pambuyo pake kuti zinthu zidayamba kumupulumuka kuyambira usiku umenewo. Padalinso banga lina limene sindingalilumphe. Ku Smethwick woimira chipani chake, Peter Griffiths, adapambana pokolezera mantha a azungu pa anthu akuda ndi amwenye obwera kuchokera ku maiko a Commonwealth. Mantha a kugonja amabala zinthu zonyansa, ndipo utsogoleri wa chipani sudadzudzule zimenezi mwamphamvu monga zidayenera.

Anthu adavota pa 15 Okutobala 1964. Labour idapeza mipando 317, Conservative 304, Liberal 9, kutanthauza kuti Wilson adaposa zipani zina zonse pamodzi ndi mipando 4 yokha. Pa mavoti 100 alionse Labour idapeza 44.1, Conservative 43.4. Ku Brighton Kemptown mpando udapita kwa Labour ndi mavoti 7 okha. Tsono taonani chinsinsi chake. Mavoti a Labour sadakwere kuyerekeza ndi 1959, adatsikako pang'ono. Chimene chidachitika n'chakuti Conservative idataya mavoti oposa 1,500,000, pamene gawo la Liberal lidakwera kuchoka pa 5.9 kufika pa 11.2. Chipani sichidagwetsedwe ndi adani ake, chidagwetsedwa ndi ana ake otopa ndi okhumudwa, amene ena adapita ku Liberal, ena adangokhala kunyumba. Ndipo tsoka silinunkha: madzulo a tsiku lovotalo kudamveka kuti Nikita Khrushchev wachotsedwa pampando ku Moscow, m'mawa mwake China idaphulitsa bomba lake loyamba la atomiki. Nkhani ziwirizi zikadafika masiku awiri m'mbuyo, ambiri amakhulupirira kuti anthu akadathamangira kwa munthu wodziwa zakunja.

Sadalire, sadaloze chala munthu. Mu Febuluwale 1965 adakhazikitsa malamulo akuti mtsogoleri wa chipani azisankhidwa ndi aphungu mwa voti yachinsinsi, ndipo potero adatseka yekha khomo limene iye adalowera. Mu Julayi chaka chomwecho, ataona kuti ena ayamba kung'ung'udza, adatula pansi utsogoleri, ndipo Heath adapambana ndi mavoti 150, Maudling 133, Powell 15. Chigumula chimene ankachiopa mu 1964 chidadzafika mu 1966, pamene Labour idapambana ndi mipando yoposa 90 pamwamba pa onse, Home atachoka kale pa chiwongolero.

Heath atapambana mu 1970, Home adalola kugwira ntchito pansi pa munthu amene kale adali womuthandiza, nakhalanso nduna ya zakunja mpaka 1974. Mu Sepitembala 1971 adathamangitsa ku Britain akuluakulu 105 a Soviet Union chifukwa cha ukazitape. Mu Novembala chaka chomwecho adapita ku Salisbury nagwirizana ndi Smith pa ndondomeko imene ikadachedwetsa ulamuliro wa anthu akuda kwa zaka zambirimbiri. Apa khutu lake lakale lija lidaonekanso. Mwamwayi panganolo lidali ndi mfundo yakuti anthu afunsidwe kaye, ndipo bungwe la Lord Pearce litayendera dzikolo mu 1972 lidapeza kuti anthu akuda, motsogozedwa ndi Bishopu Abel Muzorewa, akulikana kwathunthu. Home adalandira yankholo, ndipo panganolo lidafera pomwepo.

Adachoka m'nyumba ya Commons mu 1974 nabwerera ku Lords ndi dzina la Lord Home of the Hirsel, ulendo uno ufumu wosasiyira mwana. Mu 1976 adatulutsa buku la mbiri ya moyo wake lotchedwa The Way the Wind Blows. Zaka zake zomaliza adazithera kwawo, kuwedza nsomba mu Tweed, kuyang'ana mbalame ndi kusamala maluwa. Mkazi wake Elizabeth adamwalira mu 1990, atakhala m'banja pafupifupi zaka 54. Iye adamwalira ku The Hirsel pa 9 Okutobala 1995 ali ndi zaka 92, ndipo adaikidwa m'manda a Lennel, kufupi ndi Coldstream.